Rituximab ndi wabwino, koma musagulire wodwala lymphoma musanaone CD20 pa pepala la ku labu

Ndiyambe ndi chigamulo changa kuti amene muli pa changu musavutike: rituximab ndi mankhwala amphamvu ndipo kwa munthu amene ali ndi lymphoma (khansa ya m'anabele) ya ma B cell, amene pa pepala lake la ku labu palembedwa kuti CD20 positive, ndalama imene banja lingasonkhe siyotayika ayi. Koma ngati chotupacho chilibe CD20, botolo lomwelo silimuthandiza olo pang'ono, mungomuika pa chiopsezo cha matenda ena ndi kumaliza ndalama za pakhomo. Nkhani yonse yagona pamenepa, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, osangoti khulupirirani.

Mankhwalawa ndawaona mbali ziwiri. Ntchito yanga ndi ya mu labu, ndipo nthawi imene ndinali pa sukulu ku South Africa tinkathira rituximab pa maselo a khansa oweta m'timbale kuti tione mmene akufera. Kenako achemwali anga anapezeka ndi diffuse large B-cell lymphoma, ine nkukhala gadiyani wao, nde zimene ndinkaona pa maikulosikopu ndinadzazionanso pa munthu wanga.

Rituximab si kemo ngati imene ambiri timaidziwa. Kemo ndi poizoni wopha selo lililonse limene likugawikana mwachangu, nchifukwa chake tsitsi limathothoka, mkamwa mumatuluka zilonda. Rituximab ndi antibody, puloteni ya mtundu womwewo umene thupi lathu limapanga lokha likakumana ndi kachilombo, kungoti iyi anaipangira ku fakitale kuti izigwira chinthu chimodzi chokha basi, chimene ndi CD20. CD20 yo ndi kapuloteni kamene kamakhala pa khungu la ma B cell, asilikali a m'thupi aja amene amadzapanga ma antibody, ndipo ma lymphoma ambiri amachokera ku ma B cell omwewo nde amakhala atavala CD20 yo. Luso lopanga ma antibody ofanana ndendende ochuluka chonchi analipeza Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975, anadzalandira nalo Nobel mu 1984. Rituximab weniweniyo anapangidwa ndi kampani ya IDEC mogwirizana ndi Genentech, ku America anamuvomereza mu 1997, ndipo anali antibody woyamba kuvomerezedwa kumeneko pochiza khansa. Ku America dzina lake ndi Rituxan, m'maiko ena ambiri Roche amagulitsa ngati MabThera. Mbali yake yogwira inachokera ku mbewa, thupi lotsalalo ndi la munthu.

Antibody imaoneka ngati chilembo cha Y. Manja awiri aja ndi amene amagwira CD20, mchira umatsala panja ukulendewera, ndipo mchirawo ndi umene uli ndi ntchito yaikulu. Zili ngati pamsika munthu wagwira wakuba malaya ndi manja onse awiri nkumakuwa, iye mwini sangamugwetse, koma mfuu yake ndi imene ikuitana anthu. Rituximab akamata pa selo la khansa, mchira uja umaitana magulu atatu. Loyamba ndi complement, mapuloteni amene amangoyandama m'magazi mwathu nthawi zonse, woyamba kufika ndi C1q, akamata pa michira ingapo yoyandikana amayambitsa ndondomeko yoti wina adzutsa mnzake wina adzutsa mnzake mpaka omaliza amaboola timabowo pa khungu la selo, madzi nkulowa selo nkuphulika. Lachiwiri ndi ma NK cell, asilikali a m'thupi opha maselo odwala, amene ali ndi kogwirira mchira kotchedwa CD16, akagwira amatsira mapuloteni akupha otchedwa perforin ndi granzyme m'selomo ndipo limafa. Lachitatu ndi ma macrophage, makamaka a m'chiwindi ndi m'kapamba, amenewa amangomeza selo lonse lamphumphu. Palinso umboni woti kumata kokhako nthawi zina kumasokoneza selo mpaka kudzipha lokha, koma mbali imeneyi ndi yochepa kwa rituximab.

Chimene chinandikhutiritsa ine ndi kayezedwe kosavuta kamene tinkachita mu labu. Mumatenga maselo a khansa, kuthira rituximab yekha, kudikira, kenako kuthira utoto wa trypan blue umene umalowa m'maselo akufa okha. Ambiri amakhala ali gwa, owala bwinobwino, osalowa utoto. Mbale ina mumathira rituximab yemweyo koma kuonjezera serum wa munthu, madzi a m'magazi aja, ndipo pasanathe nthawi yaitali mukayang'ana mumapeza buluu yekhayekha, maselo ataphulika. Mbale yachitatu mumathira serum amene mwayamba mwamutenthetsa pa 56°C kwa mphindi 30, kutentha kumeneko kumapha complement, ndipo maselo aja amapulumukanso. Mankhwala omwewo, mlingo womwewo, maselo omwewo, chasintha ndi choti oitanidwa aja alipo kapena palibe. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuganiza za rituximab ngati chinthu chopha khansa pachokha. Amagwira ntchito pamodzi ndi thupi la wodwalayo, ndipo thupi likakhala lofooketsetsa nkhani imasintha.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza mtima pa maselo tinkagwiritsa ntchito aja. Mayina ake ndi Raji ndi Daudi. Raji anachokera kwa mnyamata wa ku Nigeria amene ankadwala Burkitt lymphoma, anawayamba kuweta ndi Robert Pulvertaft mu 1963. Daudi anachokera kwa mnyamata wa ku Kenya wodwala matenda omwewo, mu 1967. Burkitt lymphoma ndi khansa ija imatupitsa nsagwada ndi mimba za ana, imene Denis Burkitt anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, ndipo kuno kwathu ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri kwa ana. M'maselo a khansa yomweyi ndi mmene Epstein, Achong ndi Barr anapezamo kachilombo ka EBV mu 1964. Mpaka lero ma labu dziko lonse akafuna kuyeza ngati antibody yogwira CD20 ikugwira ntchito amatenga Raji kapena Daudi. Ndiye maselo a ana a ku Africa kuno ndi amene akhala akuyezera mankhwalawa zaka zonsezi, pamene mwana wa ku Africa wodwala matenda omwewo nthawi zambiri sawaona nkomwe. Izi zimandiwawa zedi, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene ndikulembera mu Chichewa.

Tsono khansa nayo sigona tulo. Mu labu momwemo Daudi ankafa msanga ndi complement kuposa Raji, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene maselo amasiyanira chonchi ndi timapuloteni todzitetezera, CD55 ndi CD59. Thupi linatiika pa maselo athu abwinobwino kuti complement isationonge tokha, koma selo la khansa likakhala nato tambiri, bowo lija silimalizika kubooka. Njira ina ndi yophweka komanso yoopsa, kungosiya kuvala CD20. Pa maselo mamiliyoni pamakhala ochepa amene alibe kapena ali nayo yochepa, rituximab amasesa anzawo onse, otsalawo nkuchulukana, ndipo matenda akadzabwerera mupeza chotupa chatsopanocho ndi CD20 negative. Nchifukwa chake dokotala wodziwa ntchito, lymphoma ikabwerera, amafuna adulenso kanyama ayezenso, osangodalira pepala lakale. Odwala amadandaula kuti bwanji akundidulanso, koma chifukwa chake ndi chimenechi.

Gulu la Ronald Taylor ku University of Virginia linaonetsa chinthu china chodabwitsa: ma macrophage akatopa, maselo ofunika kumeza atawachulukira, m'malo momeza amangobudula kachigamba ka khungu pamene pali rituximab ndi CD20, selo nkutsala lamoyo koma lopanda chizindikiro. Amachitcha trogocytosis. Ku Southampton, gulu la Martin Glennie ndi Mark Cragg linapeza kuti ma B cell ena a khansa ali ndi kogwirira mchira kawokawo, FcγRIIb, kamene kamagwira mchira wa rituximab nkukokera antibody yonse mkati mwa selo, ikalowa mkati singaitanenso aliyense. Ku Stanford gulu la Irving Weissman linafufuza CD47, puloteni imene imauza macrophage kuti usandidye ndine wako, ndipo ma lymphoma ambiri amaichulukitsa. Nafenso anthu timasiyana: CD16 ya pa ma NK cell ija ilipo mitundu iwiri malingana ndi chibadwa, wina umagwira mchira molimba wina mofooka, ndipo Guillaume Cartron ndi anzake ku France mu 2002 anapeza kuti odwala follicular lymphoma a mtundu wolimbawo ankathandizika bwino akalandira rituximab yekha. Ndiye anthu awiri akalandira dripi imodzimodzi wina nkuchira wina ayi, sikuti wina wachita ulesi kapena walodzedwa, zifukwa zake zili m'maselomo.

Tibwere kwa achemwali. Iwo zinayamba ngati anabele a m'khosi osapweteka koma osaphwa, thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, kuonda. Aliyense wa kuno akamva zimenezi amati TB, ndipo si kulakwa kuganiza choncho chifukwa TB ya m'anabele ndi yofala, vuto ndi loti lymphoma imabisala kumbuyo kwa TB ndipo anthu ambiri amamwa mankhwala a TB miyezi chotupa chikukulirakulira. Chimene chinatsegula maso ndi kudula mwanabele mmodzi kupita naye ku labu. Kumeneko amadula tizidutswa topyapyala kwambiri, kuika pa galasi, nkuthira ma antibody ena oyezera, ina yogwira CD20, ina yogwira CD3 ya ma T cell, ina Ki-67 yosonyeza liwiro limene maselo akugawikana. Pamene antibody yamata pamasanduka bulawuni. Galasi la achemwali, selo lililonse la khansa linali ndi mkombero wa bulawuni kuzungulira, CD20 yodzadza. Njira imeneyi dzina lake ndi immunohistochemistry, ndipo ku Kamuzu Central Hospital labu yotha kuchita zimenezi inakhazikitsidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project ya University of North Carolina. Chonde abale, munthu wina asakuuzeni kuti gulani rituximab atangogwira chotupa ndi manja kapena atangoona sikani. Funsani pepala, funsani mtundu wa lymphoma, funsani CD20. Ma lymphoma a T cell alibe. Plasmablastic lymphoma, imene imapezeka kawirikawiri kwa anthu a HIV ndipo imakonda kutuluka mkamwa, nthawi zambiri ilibenso, olo kuti inachokera ku banja la ma B cell. Lymphoma ya Hodgkin wamba nayonso ili ndi chithandizo chake china.

Umboni woti amathandiza ulipo wokwanira. Kafukufuku amene anasintha zinthu ndi wa Bertrand Coiffier ndi gulu la GELA la ku France, anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2002. Anatenga odwala 399 a zaka 60 mpaka 80, ena analandira kemo ya mankhwala anayi ophatikiza yotchedwa CHOP yokha ena CHOP ndi rituximab. Matenda anazimiririka kwa 76% mwa olandira rituximab, kwa enawo 63%. Patatha zaka 10, amoyo anali pafupifupi 44% mbali ya rituximab ndi 28% mbali inayo. Kwa ana ndi achinyamata a lymphoma yoopsa ya ma B cell, ambiri a Burkitt, kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti patatha zaka 3 amene matenda sanawabwerere kapena kukula anali pafupifupi 94% ndi rituximab, 82% popanda. Koma awa ndi a maiko amene ali ndi ICU yokwanira, magazi osasowa, maantibayotiki a mtundu uliwonse. Funso langa linali loti nanga kwathu kuno? Ndipo yankho lilipo: ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kunachitika kafukufuku amene anatuluka mu Lancet Global Health mu 2021, wolemba woyamba Stephen Kimani, odwala 37 a diffuse large B-cell lymphoma, 27 mwa iwo ali ndi HIV ndipo ali pa ma ARV, analandira R-CHOP, ndiye kuti CHOP pamodzi ndi rituximab, wakeyo wopangidwa ku India. Oposa theka anali moyo patatha zaka 2, ndipo ofufuzawo anapeza kuti mankhwalawa ndi otheka kupereka bwinobwino kuno. Anthu 37 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu lofananitsa nalo mwachindunji, koma kwa ine anali odwala ofanana ndi achemwali anga, odya nsima yomweyi, ogona mawodi omwewa, ndipo zinandilimbitsa mtima kuposa ma figala a ku France.

Tsiku la dripi yoyamba konzekani kukhala tsiku lonse, tengani chakudya, madzi, chitenje chofunda ndi chaja. Amayamba akupatsani panado, piritoni ndi steroid. Dripi imayamba pang'onopang'ono kwambiri, 50 mg pa ola, kenako amaonjezera mphindi 30 zilizonse ngati zonse zili bwino, malire ake 400 mg pa ola. Chifukwa chochedwetsera ndi chomwe ndafotokoza chija: tsiku loyamba maselo ovala CD20 ndi ochuluka, onse akugwidwa nthawi imodzi, complement yadzuka, ma NK cell adzuka, thupi lonse lili pa nkhondo. Achemwali patangopita kanthawi anayamba kunjenjemera mano kuchita kugundana, thupi kutentha, pakhosi kuyabwa. Ine ndinkadziwa chimene chikuchitika koma mtima unali m'mwamba ndithu. Anesi anatseka dripi, kupereka mankhwala, kudikira mpaka zitakhazikika, kenako anayambiranso mochedwa kuposa poyamba, ndipo tinamaliza kunja kutada. Maulendo otsatira zimenezi sizinabwerenso ndipo dripi inkatha msanga. Izi zimachitikira anthu ambiri pa ulendo woyamba, koma nthawi zina zimafika poipa, BP kutsika, kubanika, nde gadiyani musachoke pambali, ndipo wodwala asapirire mwakachetechete poopa kuvutitsa anesi. Kuyabwa pang'ono pakhosi nenani pompo. Komanso musalole kulandirira mankhwalawa pamalo opanda okosijeni ndi munthu woyang'anira nthawi yonse.

Palinso ngozi ina kwa amene chotupa chao ndi chachikulu kwambiri: maselo akafa ambiri nthawi imodzi zinyalala zake zimadzadza m'magazi impso nkulemedwa. Nchifukwa chake amapereka allopurinol ndi kukakamiza kumwa madzi ambiri. Mverani zimenezo.

Zotupa za m'khosi mwa achemwali zinayamba kuphwa isanafike dripi yachiwiri, chinthu chooneka ndi maso, kolala ya bulauzi inayamba kukwana. Ndinene mwachilungamo kuti sindingagawe kuti apa ndi rituximab apa ndi kemo, chifukwa zonse zimaperekedwa limodzi masiku 21 aliwonse, kawirikawiri maulendo 6, ndipo prednisolone yekhayo amaphwetsa lymphoma msanga. Tsitsi kuthothoka, mkodzo wofiira chifukwa cha doxorubicin, zala kuchita dzanzi chifukwa cha vincristine, njala yosatha ndi kusowa tulo chifukwa cha prednisolone, zonsezi ndi za CHOP, anthu amazikankhira kwa rituximab molakwika. Iye payekha, kupatula tsiku loyamba lija, sanawavutitse mooneka. Pano anamaliza, sikani inaonetsa kuti matenda azimiririka, akupitabe ku cheki.

Mbali imene ndimachotsera mamakisi ndi iyi: rituximab sasiyanitsa B cell ya khansa ndi yabwino, onse ovala CD20 amapita. Mwayi wake ndi woti maselo amayi a m'mafuta a m'mafupa alibe CD20, nde ma B cell atsopano amadzabadwanso, kawirikawiri kuyambira miyezi 6 mpaka chaka mutamaliza, komanso ma plasma cell amene akupanga kale ma antibody akale alibe CD20 nde chitetezo chakale sichitha chonse. Komabe m'kati mwa nthawi imeneyo thupi limavutika kuphunzira mdani watsopano. Katemera wolandira nthawi imeneyi sagwira bwino, izi zinaonekeratu nthawi ya Covid, ndipo akatemera a tizilombo tamoyo ngati wa yellow fever ndi oletsedwa. Kutentha thupi kulikonse ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo, osati kugula panado pa okala nkudikira mawa.

Chachikulu kwambiri chimene ndikufuna mugwire ndi hepatitis B. Kachilombo aka kamatha kugona m'chiwindi zaka munthu osadziwa, ma B cell akachotsedwa kamadzuka, chiwindi nkuonongeka mpaka imfa, nthawi zina miyezi ingapo mankhwala atatha kale munthu akusangalala kuti wachira khansa. Mu 2013 FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inalamula kuti chenjezo limeneli lilembedwe m'bokosi lakuda pa pepala la mankhwalawa. Kuno kwathu hepatitis B si yachilendo. Musanayambe ayeze ziwiri, HBsAg ndi anti-HBc, chifukwa yoyambayo itha kutuluka negative kachilombo kali chibisalire. Akapezeka nako sikuti rituximab waletsedwa ayi, amapereka tenofovir kapena entecavir kuyambira musanayambe mpaka miyezi yambiri mutamaliza. Amene ali pa ma ARV a TLD ali kale ndi tenofovir ndi lamivudine m'pilisi lomwelo, zonse ziwiri zimagwira hepatitis B, nde ichi ndi chifukwa china chosadumphitsa olo tsiku limodzi. Pa nkhani ya HIV yomweyi, kafukufuku wa ku America wa mu 2005 anapeza kuti odwala a CD4 yochepera 50 ankamwalira kwambiri ndi matenda olowerera akapatsidwa rituximab, choncho CD4 ikakhala pansi kwambiri dokotala akati tidikire kaye, sikuti akukumanani. Palinso matenda a mu ubongo otchedwa PML, osowa kwambiri, koma wodwala akayamba kusokonezeka mutu, kulankhula mosamveka kapena kufooka mbali imodzi, thamangani naye.

Tsono mtengo, pamene mabanja ambiri timagwera. Mlingo ndi 375 mg pa sikweya mita ya thupi. Munthu wa thupi lapakati wa 1.6, ndiye kuti 600 mg, botolo limodzi la 500 mg ndi lina la 100 mg, kuchulukitsa ka 6. Botolo limodzi lalikululo limaposa malipiro a pamwezi a anthu ambiri kuno, ndipo popeza limabwera ndi madola, kwacha ikagwa mtengo umakwera muli pakati pa chithandizo. Ife tinasonkha pachibale, a kunja anatumiza, tinagulitsa zogulitsika. Malangizo anga ndi oti muwerengere maulendo onse musanayambe, ndipo mufunse kaye ku chipatala chachikulu ngati alipo kapena pali pulogalamu imene ingakuthandizeni, musanathamangire ku famase. Ndipo ndalama ikavuta musasiye chithandizo chonse, CHOP yokha inkachiza anthu rituximab asanabwere ndipo ikuchizabe ena, kudumphitsa kemo podikira ndalama ya rituximab ndi koopsa kuposa kulandira kemo yokha pa nthawi yake.

Chimene chatsitsako mtengo ndi ma biosimilar, rituximab wopangidwa ndi makampani ena. Antibody sapanga posakaniza makemikolo ngati panado, amaweta maselo amoyo m'mathanki nkumakolola, nde ya kampani ina singafanane ndendende mpaka kadontho komaliza, koma imayezedwa kuti ikugwira CD20 mofanana, ikuitana complement ndi ma NK cell mofanana, ndi mayeso omwe aja a Raji ndi Daudi, kenako kwa odwala. Dr. Reddy's ya ku India inatulutsa Reditux mu 2007, ndi amene anagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa ku Lilongwe uja. Truxima wa Celltrion ya ku South Korea anavomerezedwa ku Europe mu 2017. WHO inaika rituximab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015. Achemwali analandira biosimilar, ndipo ine sindiona chifukwa choti banja ligulitse munda pofuna dzina la kampani yoyamba, bola akhale wovomerezeka.

Ena akafufuza pa intaneti amabwera ndi mayina atsopano nkumaona ngati rituximab ndi wachikale. Obinutuzumab, wa mu 2013, anamukonza mchira pochotsa kashuga kena kotchedwa fucose kuti ma NK cell azigwira molimba, ndipo pa CLL (khansa ya m'magazi ya ma B cell) ndi follicular lymphoma amachita bwino, koma pa diffuse large B-cell lymphoma kafukufuku wamkulu wa GOYA sanapeze kuti akuposa rituximab. Glofitamab ndi epcoritamab, a mu 2023, amagwira CD20 dzanja lina ndi T cell dzanja lina kuwakokera pamodzi, nzeru yokongola kwambiri, koma anabwera makamaka chifukwa cha amene matenda awabwerera ndipo mtengo wake ndi wosayandikirika. Pali rituximab wobaya pansi pa khungu la pamimba, 1400 mg, mphindi pafupifupi 5 basi m'malo mwa maola, uyu ndikanakonda atafala chifukwa mipando ya dripi ndi yochepa ndipo anthu amachokera kutali, koma ulendo woyamba umayenera kukhalabe wa dripi. Kwa munthu wongopezeka kumene ndi diffuse large B-cell lymphoma, R-CHOP idakali chithandizo chenicheni dziko lonse, simukulandira zotsalira.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4. Yotsalayo yapita chifukwa cha mtengo ndi kufooketsa chitetezo.

Mukamagula nokha samalani zinthu izi. Rituximab ndi puloteni, amasungidwa mu filiji pa 2 mpaka 8°C, osaumitsa kukhala ayezi, osakhutchumula, osasiya pa dzuwa. Puloteni ikaonongeka ndi kutentha botolo limaonekabe bwinobwino, simungadziwe ndi maso, nde funsani wogulitsayo kuti magetsi akazima filiji yao imayendera chani, ndipo akakuyankhani mozungulira pitani kwina. Nyamulani mu kula bokosi, ayezi asakhudze botolo mwachindunji, pitani nalo molunjika ku famase ya chipatala, osati kukagona nalo mu filiji ya kunyumba imene imazima usiku. Za kutumitsa pa basi kuchokera ku Johannesburg kapena Dar es Salaam m'chikwama cha munthu ndikukuletsani, ulendo wa masiku m'kutentha kumene kuja mankhwala a mamiliyoni atha kufika atafa. Onani batch number ndi tsiku lothera ntchito pa katoni ndi pa botolo ngati zikufanana, jambulani pa foni, sungani risiti, ndipo gulani ku famase yolembetsedwa ndi PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala. Mankhwala odula chonchi amakopa akuba, ku America komweko mu 2012 kunapezeka Avastin wabodza, antibody ina ya khansa, mabotolo opanda mankhwala enieni mkati atafika mpaka m'zipatala. Wina akakutsatsani pa WhatsApp pa theka la mtengo, onetsani kaye wa famase wa kuchipatala kwanu katoniyo musanatumize ndalama.